MWANA SADZIWA NYAMBO: ZA OTSATSA MALONDA NDI UDINDO WA MAKAMPANI

Inu makolo ndi inu akatekisiti amene mumathandiza kulera ana m'midzi ndi m'miphakati mwathu, ndiyambe ndi chinthu chimene ambiri mwa inu mudachionapo ndi maso. Mai walowa m'golosale ndi mwana wake wa zaka 5. M'chikwama muli ndalama zowerengeka, za sopo, mchere ndi mafuta ophikira basi. Asanafike n'komwe pamene pali mchere, mwana uja waima, waloza kapaketi kofiira kokhala ndi chithunzi cha kanyama koseka, ndipo wayamba kulira. Mai akuti, "Tiye, mwanangu, ndalama zatha." Mwana wadzigwetsa pansi. Anthu onse maso ali pa iwo. Kenaka, chifukwa cha manyazi, mai uja abweza sopo nagula kapaketi kaja.

Tikaona zotere timafulumira kunena kuti mwanayo ngwosamva, kapena kuti mai wake adamsasatitsa. Koma taganizani bwino. Mwanayo sadalawepo zimene zili m'kapaketimo, ndipo sadziwa kuwerenga dzina lake. Nanga adakadziwira kuti? Ndani adakaika pa shelefu ya m'munsi, pamene maso a mwana amafika, osati m'mwamba m'mene mumayang'ana akulu? Ndani adasankha mtundu wofiira uja ndi kanyama koseka kaja? Zimenezi sizidangochitika zokha ai. Alipo anthu ophunzira bwino, olandira malipiro abwino, amene ntchito yao ndi kulingalira njira zobzalira chilakolako mumtima mwa mwana, kuti misozi yake itsekule chikwama cha makolo. Nkhani yathu ndi ya anthu amenewa, ndi ya makampani amene amawalemba ntchito.

Ndinene poyamba kuti kutsatsa malonda pakokha si tchimo. Mai wogulitsa tomato pamsika akamaitana anthu kuti abwere kwa iye, akutsatsa malonda, ndipo palibe cholakwa. Wogulayo ndi wamkulu. Amadziwa kuti wogulitsa aliyense amayamikira katundu wake, tsono amamgwira tomatoyo, amamtembenuza, amanenerera mtengo, mwina nkupita kwa wina. Vuto limayamba pamene wouzidwa malondayo ndi munthu amene sangathe kutembenuza tomato ndi kunenerera, ndiye kuti mwana.

Kuti tione kuzama kwake, tipite ku America, kumene madokotala adachiyeza chinthuchi nachilemba. M'chaka cha 1988 kampani ya fodya yotchedwa R. J. Reynolds idayamba kutsatsa ndudu zake za Camel ndi chithunzi chojambula pamanja cha ngamira, imene adaitcha Joe Camel. Nkhope yake inali yoseketsa monga zinyama za m'mabuku a ana, koma inkavala magalasi akuda ndi jekete lachikopa, ili pafupi ndi galimoto lapamwamba, ndudu ili pakamwa. Dziwani kuti kuyambira m'chaka cha 1971 lamulo la dzikolo lidali litaletsa kale kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema. Choncho ngamirayo sinkalowa m'nyumba kudzera pa kanema. Inkaima pa zikwangwani za m'misewu, m'magazini, pa makomo a masitolo, pa malaya ndi pa zisoti.

Mu 1991 dokotala wina, Paul Fischer, pamodzi ndi anzake, adasonkhanitsa ana 229 a zaka zoyambira 3 mpaka 6 m'chigawo cha Georgia, nawapatsa masewera osavuta. Mwana ankapatsidwa kakhadi kokhala ndi chizindikiro cha malonda, ndipo ankayenera kukaika pa chithunzi cha chinthu chimene chizindikirocho chikuimira. Mwa ana a zaka 3, pafupifupi 30 pa 100 alionse adatenga ngamira ija naiika pa chithunzi cha ndudu. Mwa ana a zaka 6, amene adatero anali 91 pa 100 alionse. Pa msinkhu umenewo ngamira ya fodya inkadziwika pafupifupi mofanana ndi chizindikiro cha Mickey Mouse, kambewa kaja kotchuka m'makanema a ana. Tangoganizani: ana osadziwa kulemba maina ao, koma odziwa kale nyama imene imayendera limodzi ndi ndudu.

Kampani idakana kwamtuwagalu kuti inkafuna ana. Idati ngamirayo idajambulidwira akuluakulu osuta ndudu za makampani ena, kuti asinthe. Mwina ena mwa ogwira ntchito m'menemo ankakhulupiriradi zimenezo. M'mitima mwao sitingaonemo. Koma mu 1998 makalata a m'kati mwa kampaniyo ataululidwa, kudapezeka kuti kale mu 1974 akuluakulu ake adauzidwa pamsonkhano kuti achinyamata a zaka 14 mpaka 24 ndiwo tsogolo la malonda a ndudu. Ndipo nzeru yake njosabisika. Fodya amapha ambiri mwa omusuta, ena amaleka, tsono wogulitsa ayenera kupeza atsopano tsiku ndi tsiku, ndipo ndi ochepa amene amayamba kusuta atakula kale. Ngamira idachotsedwa mu 1997, boma litayamba kuiimba mlandu kampaniyo, ndipo mu 1998 makampani akuluakulu a fodya adasaina pangano ndi zigawo 46 za dzikolo loti sadzagwiritsanso ntchito zithunzi zotere. Kuchokera pamene madokotala adachenjeza mpaka pamene ngamira idachoka padapita zaka pafupifupi 6. Ana aja a zaka 6 anali atafika zaka 12, msinkhu umene mnyamata amayamba kubisala kuseri kwa sukulu ndi anzake.

Nanga nchifukwa ninji mwana amagwidwa msanga chotere? Akatswiri oona za kaganizidwe ka munthu ku America komweko adasonkhanitsa zofufuza za zaka zambiri, ndipo mu 2004 adafotokoza zinthu ziwiri. Mwana wosafika zaka 4 kapena 5 kawirikawiri satha kusiyanitsa pakati pa sewero limene akuonera ndi uthenga wamalonda umene walowa pakati pake; kwa iye zonse ndi nkhani imodzi. Ndipo mwana wosafika zaka 8, ngakhale atasiyanitsa, samvetsa kuti wolankhulayo ali ndi cholinga chakechake, kuti akukokomeza ubwino ndi kubisa kuipa chifukwa akufuna ndalama. Inu akulu mumadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana sanafike podziwa zimenezo. Iye amamva mau a wogulitsa monga amamvera mau a agogo ake kapena a aphunzitsi ake, ndipo amawakhulupirira. Chikhulupiriro chimenechi si kupusa ai. Ndicho chimene chimachititsa kuti mwana aphunzire kulankhula, kupemphera, ndi kupewa moto amai ake akamuuza kuti umaotcha. Wotsatsa malonda kwa mwana amalowera pa khomo lomwelo limene lidatsekulidwira makolo.

Asodzi a kunyanja akudziwa chifukwa chake lamulo limaletsa kupha nsomba ndi neti yotetezera udzudzu. Maso ake ngang'onoang'ono zedi, imakokolola ndi tiana tomwe timene sitinakule. Palibe amene amati tinsombato tikadachenjera. Mlandu umakhala wa mwini ukonde.

Eklezia adalankhulapo pa nkhaniyi momveka. Pa 22 February 1997 Bungwe la Apapa loona za kufalitsa nkhani, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi John Foley, lidatulutsa kalata yonena za khalidwe loyenera pa kutsatsa malonda. Kalatayo idayamikira zabwino zimene ntchitoyi imachita, monga kudziwitsa anthu za katundu watsopano ndi mitengo yake. Koma idatchula ana mwapadera. Idati zambiri zotsatsidwa kwa ana zimaoneka kuti zimadyera masuku pamutu kukhulupirira msanga kwao, ndi chiyembekezo chakuti anawo akaumiriza makolo kugula zinthu zopanda phindu kwa iwo. Ndipo idaonjeza mfundo imene ndifuna kuti tiimepo pang'ono: yakuti mchitidwe wotere umalowerera pakati pa kholo ndi mwana wake.

Bwererani ku golosale kuja. Mai uja atanena kuti ndalama zatha, ankanena zoona, ndipo ankanena mwa chikondi, chifukwa sopoyo ngwochapira zovala za mwana yemweyo. Koma m'maso mwa mwana, pa mphindi imeneyo, kanyama koseka ndiye bwenzi, mai ndiye mdani womana. Munthu amene sadamuonepo mwanayo, amene sadzamtengera kuchipatala usiku akadzatentha thupi, walanda malo a mai kwa kanthawi, ndipo wamgwiritsa ntchito mwanayo ngati chingwe chokokera ndalama. Inu akatekisiti mukamaphunzitsa lamulo lachinayi mumauza ana kuti alemekeze atate ndi amai ao. Kumbukiraninso kuti lamulo lomwelo limamanga anthu ena onse kuti asagwetse ulemu umenewo. Mukudziwanso, m'mutu 18 wa Mthenga Wabwino wa Mateyo, kuopsa kwa mau amene Ambuye Yezu adanena za munthu wophunthwitsa wamng'ono, mpaka kutchula mwala wa mphero ndi nyanja yakuya. Sadaike malire akuti wophunthwitsayo akakhala kampani ndiye kuti mlandu palibe.

Tsono makampani amayankha chiyani? Yankho loyamba ndi lakuti kulera ana ndi udindo wa makolo. Kholo likane, nkhani yatha. M'menemo muli choona, ndipo sindifuna kuti wina achoke pano akuganiza kuti udindo wake wachepa. Komatu n'chinthu chachilendo kuti munthu aononge ndalama zochuluka kufooketsa "ai" wa kholo, kenaka nkumadzudzula kholo lomwelo kuti "ai" wake ngwofooka. Yankho lachiwiri nlozama. Mu September 1970 katswiri wa zachuma Milton Friedman adalemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti udindo wa bizinesi kwa anthu ndi umodzi wokha, kuchulukitsa phindu lake. Maganizo amenewa adafala kwambiri. Koma ambiri omutsatira amaiwala kuti iye mwini adaika malire: phindulo lipezeke pa mpikisano woonekera, popanda chinyengo. Ndiye tifunse. Ngati munthu auza mwana wa zaka 6 mau okopa, akudziwa bwino lomwe kuti mwanayo sangazindikire kuti akukopedwa, kodi chinyengo nchiyaninso? Ngakhale pa muyeso wa Friedman yemweyo, malonda otere salungama. Papa John Paul II, m'kalata yake ya 1991 yotchedwa Centesimus Annus, adavomereza kuti phindu ndi chizindikiro chakuti bizinesi ikuyenda bwino, koma adati si chizindikiro chokhacho, pakuti kampani ndi gulu la anthu lotumikira anthu anzao.

Yankho lachitatu ndilo lofala masiku ano, ndipo ndilo lovuta kulitsutsa chifukwa limabwera ndi mphatso m'manja. Kampani imati: taonani mjigo umene takumba, midadada ya sukulu imene tamanga, mipira ndi mayunifolomu amene tapereka. Izi amazitcha udindo wa kampani pa chitukuko cha anthu. Mjigo ndi chinthu chabwino, ndipo mai amene ankayenda mtunda wautali kukatunga madzi a pachithaphwi sangaunyoze. Koma pano tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene Zakeyo, mkulu uja wa okhometsa msonkho ku Yeriko, adazisiyanitsa. Mu mutu 19 wa Luka, Ambuye atalowa m'nyumba mwake, Zakeyo adalonjeza zinthu ziwiri zosiyana: kupatsa amphawi theka la chuma chake, ndiponso kubwezera kanayi aliyense amene adamlanda monyenga. Choyambacho ndi mphatso, chachiwiricho ndi ngongole. Akadangogawira amphawi nkubwerera pa tebulo lake la msonkho m'mawa mwake ndi muyeso wachinyengo womwe uja, bwenzi mphatsoyo ili chabe gawo la zakuba. Chimodzimodzi kampani. Udindo wake woyamba uli m'njira imene imapezera ndalama, zisanafike poganiza zogawa. Kalata ya 1997 ija idanenanso zomwezo m'njira yake, kuti otsatsa malonda amene apweteka anthu ali ndi udindo wokonza zimene aononga, monga kufalitsa mau okonza bodza ndi kulipira opwetekedwa.

Nthawi zina mphatso imakhala kutsatsa malonda kumene kwavala malaya ena. Nchifukwa chake maiko amene ali m'pangano la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lochepetsa kusuta fodya, adagwirizana mu 2008 kuti zopereka zachifundo za makampani a fodya zizionedwa ngati njira yodzitsatsira, ndipo ziziletsedwa. Dziko la Malawi lidalowa m'panganoli mu 2023. Ndikudziwa kuti apa ndaponda pamene pali chilonda, poti ambiri mwa inu mudaphunzira sukulu ndi ndalama za fodya, ndipo ena mukulima fodya lero lino. Sindikunena za mlimi amene amatuluka thukuta m'munda ndi m'chigafa. Ndikunena za amene amasankha chithunzi choika pamaso pa mwana.

Pali nkhani ina imene ndifuna kuifotokoza mofatsa, chifukwa imaonetsa bwino kusiyana kwa mphatso ndi chilungamo, ndiponso chifukwa asisitere ena adachitapo mbali. Ndi nkhani ya mkaka wa m'chitini wa ana akhanda. Khanda siliuzidwa malonda. Ouzidwa ndi amai ake. Koma thupi lolandira zotsatira zake ndi la khandalo.

Mkaka umenewu uli ndi ntchito yake yabwino. Wapulumutsa ana amasiye ndi ana amene amai ao sangathe kuyamwitsa, ndipo mai wotere asadzione ngati wolakwa. Chimene chidalakwika ndi kugulitsa kwake. Kale mu 1939 dokotala Cicely Williams, yemwe uja adagwira ntchito m'dziko limene tsopano ndi Ghana nadziwitsa madokotala anzake za matenda a kwashiorkor, adalankhula ku Singapore kuti kukopa amai osauka kusiya bere chifukwa cha mkaka wa m'chitini nkofanana ndi kupha. Mau ake sadamveke kutali. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, m'maiko ambiri a mu Africa, Asia ndi South America, makampani ankatumiza akazi ovala ngati anamwino m'zipatala ndi m'makomo, kukagawa zitini zaulere kwa amai ongobereka kumene. Pa wailesi ndi pa zikwangwani panali makanda onenepa, oseka, ali ndi botolo.

Msampha wake unkagwira motere. Bere limatulutsa mkaka molingana ndi m'mene mwana akuyamwira. Mai akayamba botolo laulere, mwana amayamwa pang'ono, ndipo mkaka wa m'mawere umayamba kuuma. Chitini chaulere chikatha, mai alibenso kothawira, ayenera kugula, ndipo mtengo wake unkadya gawo lalikulu la malipiro a banja. Tsono ankathira ufa pang'ono m'madzi ambiri kuti chitini chikhalitse. Madziwo anali a pachitsime chosatetezedwa, nkhuni zowiritsira botolo nthawi iliyonse kunalibe, ndipo malangizo pa chitinipo adalembedwa m'chilankhulo chimene mai sankachidziwa. Mwana ankayamba kutsegula m'mimba, kuonda, mpaka ena kumwalira. Mai uja sadalakwitse chifukwa chosakonda mwana wake ai. Adamkonda kwambiri mpaka kumgulira chinthu chimene munthu wovala zoyera adamuuza kuti ndicho chabwino.

Mu 1974 bungwe la War on Want la ku London lidasindikiza kabuku koulula zonsezi. Kagulu ka anthu ku Bern, m'dziko la Switzerland, kadakamasulira m'Chijeremani nkukapatsa mutu wonena mosabisa kuti kampani ya Nestlé ikupha makanda. Kampani idawasumira kuti aipitsa mbiri yake, ndipo mu 1976 idapambana pa nkhani ya mutuwo. Koma woweruza adangolamula kuti aliyense wa anthu 13 aja alipire chindapusa chochepa cha mafranc 300, nachenjeza kampaniyo kuti isinthe kotheratu njira zake zotsatsira malonda. Idapambana mlandu, koma dziko lonse lidamva zimene zinkachitika.

M'chaka chomwecho ku America kudachitika chinthu chimene anthu sankachiyembekeza. Asisitere a chipani cha Precious Blood, a ku Dayton m'chigawo cha Ohio, anali ndi masheya pang'ono m'kampani ina yopanga mkaka womwewo, ya Bristol-Myers. Masheya ndi magawo a umwini wa kampani. Wokhala nao amalandira gawo la phindu, ndipo ali ndi ufulu wofunsa mafunso pamsonkhano wa eni kampani. Asisiterewo akadatha kungolandira gawo lao nkumaligwiritsa ntchito pa zachifundo, ndipo palibe akadawadzudzula. Koma iwo adafunsa kuti ndalamayo ikuchokera kuti. Kampani itauza eni masheya kuti sigulitsa mkakawo kumene umphawi ungachititse kuti ugwiritsidwe ntchito molakwika, asisitere adasonkhanitsa umboni kuchokera m'maiko osauka wosonyeza kuti sizinali choncho, naitengera kampaniyo ku khoti mu 1976. Mlandu udatha mu 1978 pokambirana kunja kwa bwalo, kampani itavomera kutumiza umboni wa asisiterewo kwa eni masheya onse.

Mu 1977 anthu a ku Minneapolis adayambitsa mgwirizano woleka kugula katundu wa Nestlé, ndipo mipingo yambiri idalowamo. Mu May 1981 msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva udavomereza malamulo a kagulitsidwe ka mkaka wolowa m'malo mwa bere: maiko 118 adavomera, ndipo America yokha idakana. Malamulowo amaletsa kutsatsa mkakawu kwa anthu wamba, kugawa zitini zaulere kwa amai, ndi kuika pa chitini zithunzi zokopa za makanda. Amalamulanso kuti pa chitini palembedwe kuti kuyamwitsa ndiko kopambana. Kunyanyala kugula kuja kudaimitsidwa mu 1984 kampani italonjeza kutsata malamulowo, ndipo kudayambiranso mu 1988. Nkhondoyi sidathe. Mu 2022 WHO ndi UNICEF adalengeza kuti adafunsa makolo ndi amai oyembekezera 8,500 m'maiko 8, kuphatikizapo Nigeria ndi South Africa, ndipo oposa theka adati uthenga wotsatsa mkakawu udawafika.

Onani kuti m'nkhani zonsezi kusintha sikudayambe ndi makampani okha. Kudabwera anthu atafunsa, ndipo kudakhazikika lamulo litalembedwa. Chigawo cha Quebec ku Canada chidaletsa kutsatsa malonda kwa ana osafika zaka 13 kuyambira 1980. Kampani ya zidole ya Irwin Toy idatsutsa lamulolo, koma khoti lalikulu la dzikolo lidaliteteza mu 1989. Dziko la Chile, poona kunenepa kodwalitsa pakati pa ana ake, lidayamba mu 2016 kuika chizindikiro chakuda pa zakudya zochuluka shuga, mchere kapena mafuta. Chakudya chokhala ndi chizindikirocho sichiloledwa kutsatsidwa kwa ana osafika zaka 14, kugulitsidwa m'sukulu, kapena kukhala ndi kanyama koseka ndi kachidole kaulere. Ofufuza adapeza kuti kugula zakumwa zochuluka shuga kudatsika ndi pafupifupi 24 pa 100.

Ifenso tili ndi phunziro lathu, ndipo simudaliiwale. Mowa waukali wa m'masacheti sudafune chikwangwani chachikulu. Kuchepa kwa kapaketi, kobisika m'thumba la kabudula wa yunifolomu, ndi mtengo wake umene mwana akadaukwanitsa ndi ndalama yogulira chitumbuwa pa nthawi yopumula, ndizo zinali kutsatsa kwake. Opanga ankati mowawo ngwa akulu. Aphunzitsi ankatola mapepala ake kuseri kwa makalasi. Zambia idaletsa timapaketi timeneti, timene kumeneko amati tujilijili, mu 2012, ndipo Malawi idatsatira mu 2015.

Tsopano wogulitsa wapeza khomo lina, foni ya m'manja. Mai wotanganidwa ndi kuphika amampatsa mwana foni kuti aonere makatuni atonthole, osadziwa kuti foniyo nayonso ikumuona mwanayo: zimene amakonda, nthawi imene amaonera, chimene chimamuimitsa chala. Mu 2019 kampani ya Google ndi nthambi yake ya YouTube zidavomera kulipira madola 170 miliyoni ku America pa mlandu wosonkhanitsa mbiri ya ana osafika zaka 13 popanda chilolezo cha makolo, ndi kuigwiritsa ntchito posankha malonda owaonetsa. Chikwangwani cha pamsewu kholo limachiona pamodzi ndi mwana, ndipo lingathe kunenapo mau. Za pafoni mwana amaziona yekha. Ndiponso ambiri mwa otsatsawo ndi ana anzake kapena achinyamata otchuka, amene amatsekula zidole ndi kulawa maswiti pamaso pa kamera, osanena kuti alipidwa.

Chimene kholo kapena katekisiti angachite sichifuna ndalama. Mwana wa zaka 7 kapena 8 angathe kuyamba kuphunzira kufunsa, mukakhala naye pansi ndi kapaketi kopanda kanthu kapena uthenga wa pa wailesi: kodi walipira kuti mau awa amveke ndani, ndipo akufuna kuti ife tichite chiyani? Ana amasangalala ndi masewera amenewa, chifukwa palibe mwana wokonda kupusitsidwa, ndipo posachedwa ndiwo amayamba kukuonetsani msampha. Kwa ang'onoang'ono kwenikweni masewerawa sathandiza. Iwo chitetezo chao ndi dzanja la wamkulu basi.

Ndimalize ndi inu amene muli m'makomiti a sukulu ndi a tchalitchi, chifukwa kampani ikafuna kufika kwa ana ambiri nthawi imodzi imadzera kwa inu. Idzabwera ndi makope aulere okhala ndi chithunzi cha chakumwa chotsekemera pachikuto, kapena ndi mpikisano wakuti kalasi lotolera zitsekerero zambiri za mabotolo lidzalandira mpira. Werengani kaye kuti mabotolo ogulidwa adzakhala angati, ndi ndalama zingati zochokera m'matumba mwa makolo, kuti mpira umodzi ufike. Kenaka funsani mwaulemu ngati makopewo angabwere opanda chithunzicho. Akati inde, landirani ndi manja awiri ndipo muthokoze poyera. Akati popanda chithunzi makope sabwera, dziwani kuti zimene mukukambirana ndi mtengo wa malo otsatsirapo malonda, ndipo malowo ndi chikwama cha mwana wa Sitandade 2. Ndikudziwa kuti pa sukulu imene ana amalemba pansi ndi chala, kukana makope nkowawa, ndipo sindinganene kuti komiti yowalandira yachimwa. Koma pakati pa kulandira zonse ndi kukana zonse pali malo okambirana. Dzina la wopereka lingathe kulembedwa pa kachikwangwani ka pa mjigo kapena m'buku la alendo la mphunzitsi wamkulu, osati pa kope limene mwana adzalitsekula m'mawa uliwonse kwa teremu yathunthu.